Pulaka ya Mayi

Lolemba

Sabata ino kompyuta iyenda bwino, zivute zitani. Ndatopa!

Chibwerereni ku univesidadi ndili pompano pa Lunho. Dipoloma ili m'sutikesi. Anthu akundiitana "a Dotolo" kwinaku ndikutembenuza usipa pa thandala. Chondisunga ndi chimodzi: jogu yanga, masewera a pakompyuta omanga mizinda. Umajambula misewu, umaika magetsi, misika, zipatala, kenaka tianthu timayamba kuyendamo tokha. Ine ndamangamo Lunho. Lunho yemweyu, koma woganiza bwino: phula kuchokera ku Metangula, mlatho pa mtsinje uja umatitsekera dzinja lililonse, fakitale ya ayezi, doko.

Vuto: ndikangotsegula msewu, magalimoto n'kuyamba kulowa, kompyuta imauma gwa! Ngakhale m'jogu phula likukana kufika kwathu.

Zomwe ndili nazo:
memoriya yatsopano, koma sikulowa
kadi ya zithunzi yogula kwa munthu, nayonso sikulowa
sola ndi bateriya ya ababa
mutu!

Chosowa: placa-mãe, chibolodi chachikulu chomwe zonsezi zimalumikizidwapo. Changa n'cha nthawi ya atsamunda. Zeka, mnzanga wa kusukulu amene amakonza makompyuta ku Lichinga, wandipezera china. Zonse zomwe ndinasunga pa ganyu wa chaka chatha zathera pamenepo, koma palibe kanthu.

Foni kuno imagwira pa chulu cha kuseri kwa khitchini basi. Ndaima pamenepo, mwera ukuwomba, ndikukuwa ngati wogulitsa nsomba: "Placa-mãe! Eya, placa-mãe! Uitumize pa shapa, minibasi ya Lachisanu ija!"

Ikangoyenda ndinyamula kompyuta yonse mpaka ku maofesi a boma. Aone okha. Munthu sangakane msewu atauona ukuyenda.

Potsika pa chulu ndapeza azakhali a Berita, mlongo wa ababa, ali pakhomo la khitchini, mpeni ndi chinangwa m'manja. Andiyang'ana nthawi yaitali. Apukuta maso ndi kapulana, chitenje chawo. Utsi, mwina.

Lachiwiri

Zodabwitsa. Tiyi wamkaka. Dzira. Palibe wandituma ku thandala.

Ababa andifunsa mmene ndadzukira! Chibwerereni, mawu awo kwa ine ndi "tenga", "pita", ndi "zimitsa chinthucho, bateriya itha."

Masana ndikudutsa pa mjigo, ndamva azakhali: "Waitanitsa pulaka ya mayi! Ndamva ndi makutu angawa. Ikubwera Lachisanu. Inu mumati mwana anaiwala!"

Pulaka ya mayi.

Epa!

Mãe. Mayi. Chipwitikizi ndi Chinyanja zapangana kundipereka. Ndipo pulaka kuno anthu amadziwa imodzi: mwala wolembedwa dzina umene amamatira pa chiliza.

Amayi, a Marita, anamwalira ndili chaka chomaliza ku univesidadi. Kunali mvula. Ndinafika mpaka ku Metangula, mtsinje utadzaza, galimoto osawoloka, nyanja itakwiya. Pomwe ndimafika kuno n'kuti ataikidwa kale. Manda awo mpaka lero ndi mulu wa dothi ndi mtanda wathabwa umene chiswe chadya theka la dzina. Oyandikana nawo onse ali ndi ziliza. Ababa sananenepo kanthu. Popita kumunda amangozungulira njira ina.

Ndiwauza madzulo ano. N'zosavuta. "Ababa, ndi chitsulo cha kompyuta." Mawu ochepa. Munthu wa dipoloma sangalephere.

Sindinawauze. Ndawapeza akusoka ukonde, akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Chichokereni amayi sindinawamvepo akuimba.

Lachitatu

Nkhani yathamanga kuposa kompyuta iliyonse padziko.

Zomwe zachitika ine ndisanasambe n'komwe:
ababa apita kwa apadiri, mwambo ndi Lamulungu ikatha Misa
azakhali aviika chimera cha thobwa
uthenga wapita kwa abale a ku Meluluca
amalume a ku Likoma akuti akwera boti
mbuzi ina yamangidwa pa mtengo wa mango, ikundiyang'ana

Boma likanagwira ntchito ngati azakhali, bwenzi kuno kuli bwalo la ndege!

Ndakwera pa chulu. Ndamunong'oneza Zeka zonse. Waseka mpaka foni yaduka. Ndaimbanso, ndamufunsa za mwala weniweni. Akuti wosema miyala alipo, koma safulumira, ali ndi maliro ambiri pamzere, ndipo sayamba ntchito pa ulemu wa dipoloma. Akuti: "Bolodi ndaimanga kale m'katoni, m'bale wanga. Uwauze basi."

Uwauze basi. Iye bambo ake sakuimba.

Ndayatsa jogu kuti mtima ukhale pansi. Yatsegula mochedwa ngati msonkhano wa boma. Tianthu tanga tikuyenda modukizadukiza. Kenaka pakona patuluka uthenga: nzika zikudandaula, mzinda wanu ulibe manda.

Zoona. Ndinaika doko, ndinaika fakitale, ndinaika ndi malo oimika njinga. Manda ndinaiwala.

Ndazimitsa.

Lachinayi

Ababa andidzutsa: "Tiye ukaone poika."

Tadutsa njira yomwe amaizemba ija. Njerwa zafika kale, thumba la simenti akuti wapereka ndi mkulu wa kwaya. Udzu alambula okha dzulo. Manja awo ali ndi matuza.

"Ndi yaikulu bwanji?" Ndaonetsa ndi manja. Sindinaname, kukula kwake ndi komweko.

"Yaing'ono. Chabwino. Mayi ako sankakonda zodzionetsera."

"Walembetsapo vesi?" Ndati muona. Mulungu andikhululukire, ndati muona!

Akhala pa njerwa n'kuyamba kulankhula, osayang'ana ine, akuyang'ana muluwo. Akuti pobwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, anthu m'boti ananyamula mawailesi ndi malata, amayi ananyamula mtolo wa mitengo ya chinangwa yodzala. Anthu ankawaseka. Chaka chotsatira omwewo ankabwera kudzapempha mbewu. Akuti ine nditapita kusukulu, amayi ankakwera pa chulu chomwechija kundiimbira, foni ikakana ankaikalipira m'Chiyao.

"Anthu amati unaphunzira n'kutiiwala. Ine ndinkangoti chete. Lamulungu ndiyenda mutu uli m'mwamba."



Pulani yatsopano, yomaliza, yanzeru:
kudzuka m'mamawa
kukadikira shapa kutali, pa mphambano
kulanda katoni
kunena kuti shapa yaiwala, mwambo usunthe
kupeza mwala weniweni, kaya bwanji

Izi ndiye zitheka. Ndinaphunzira kukonza mapulani zaka zonse zija!

Kompyuta ndaimasula kale, bolodi yakale ndachotsa. Ili pa tebulo mimba ili pululu ngati kampango wotumbula. Mawa ndikangobisa katoni, ndilowetsa yatsopano mwakachetechete. Zonse ziwiri zitheka. Ziyenera.

Lachisanu

Ndafika pa mphambano dzuwa lisanatenthe.

Azakhali afika kale.

Osati okha. Amayi a kutchalitchi onse, malaya oyera, mipango kumutu, akuimba. Akuti pulaka ya mnzawo singalowe m'mudzi ngati thumba la mchere.

Shapa yachedwa, monga mwa masiku onse. Tsiku lonse ndaima padzuwa pakati pa nyimbo. Mayi wina wandigwira tsaya: "Marita anabereka." Wina wandipatsa nthochi. Ndadya. Ndine Yudasi wodya nthochi.

Yafika itapendekeka, fumbi lokhalokha. Kondakitala watulutsa katoni pansi pa mpando, pakati pa matumba a ufa ndi nkhuku. Ndatambasula manja. Azakhali andiposa.

"Ii, kupepuka kwake!"

Mayi wina: "Ndi zamakono. Miyala yolemera ija ndi ya anthu osaphunzira."

Aikulunga m'kapulana yatsopano, aisenza pamutu, ulendo wa kunyumba ndi nthungululu. Ine pambuyo ngati mbuzi yogulidwa. Pa dzenje lililonse ndikupempha chamumtima: musaigwetse! Kenaka: igwetseni! Kenaka sindikudziwanso chomwe ndikupempha.

Lamulo la azakhali: pulaka satsegula pagulu tsiku lisanafike. Aiona ndi omanga okha, mawa. Yalowa kuchipinda kwa ababa, pansi pa mtanda wa pakhoma. Chitseko chatsekedwa.

Placa-mãe yanga ili m'nyumba muno. Khoma limodzi lokha pakati pa iyo ndi kompyuta. Ndakhala pa tebulo ndikuyang'ana memoriya yatsopano ili m'pepala lake.

Amalume a ku Likoma afika. Andikumbatira mpaka nthiti kulira.

Loweruka

Tamanga chiliza, ine ndi ababa. Amalume anafuna kuthandiza, ababa akana: "Iyi ndi ya ine ndi mwana."

Ndaponda simenti, ndanyamula madzi, ndapereka njerwa. Kumutu asiya malo, kukula kwake komwe ndinaonetsa ndi manja kuja. Dzuwa litapendeka apita kunyumba, abwera ndi katoni. Asamba m'manja kaye. Amasula kapulana. Adula tepi ndi mpeni wa nsomba, pang'onopang'ono.

Ndalankhula katoni itatseguka kale. Ngwazi!

"Ababa, ndi ya kompyuta. Dzina lake ndi lomwelo, placa-mãe. Azakhali anamva molakwa. Ine ndinaopa."



Aitulutsa m'pulasitiki. Yobiriwira, timizere tagolide, tinyumba takuda, timabatani. Yokongola, Mulungu wanga, yokongola kuposa mmene ndinkaganizira. Aitembenuza uku ndi uku. Aiyandikiza kumaso.

"Dzina la mayi ako palibe."

Palibe.

"Vesi palibe."

Palibe.

Kumudzi kukumveka mitondo ndi kuseka kwa alendo. Mbuzi ija yasiya kulira kalekale. Ndadikira kuti andimenye, andilavulire, anditchule dzina lililonse. Bwenzi zili bwino. Iwo angokhala pa ndowa, bolodi pamiyendo, akuyang'ana malo opanda kanthu aja pa chiliza. Ndaona kuti akalamba. Sindinkadziwa.

Kenaka: "Anthu abwera kale. Mlongo wanga walengeza mudzi wonse. Sindimuchititsa manyazi, ndipo iwe sindikupereka kuti akuseke pa manda a mayi ako." Andipatsa bolodi. "Akuti ndi ya mayi? Ikhale ya mayi. Ika."

Ndaika ndekha. Ndi manja angawa. Ndaikanikiza m'simenti yaiwisi, simenti n'kutulukira m'timabowo ta masikuluwu, n'kulowa momwe mukanalowa memoriya. Sindinalire. 

Athyola kamtengo, andipatsa. "Lemba m'munsimu. Unapita kusukulu."

MARITA. R wapendekeka. Ababa anditchulira vesi, ndalemba. Taphimba ndi kapulana, tatsindira ndi miyala m'makona.

Pobwerera sanayende nane limodzi. Iwo patsogolo, ine pambuyo ndi ndowa.

Lamulungu

Misa. Kenaka mzere wa anthu mpaka kumanda, mtanda patsogolo, kwaya pambuyo.

Azakhali achotsa kapulana. Dzuwa lamenya pa timizere tagolide, ng'ani ng'ani! Anthu: "Aaa!"

Zomwe ndamva:
"Ya ku Maputo imeneyi."
"Usiku iziyaka."
"Zolemba zing'onozing'onozo ndi Chilatini."
Amalume: "Ine ndikafa, yomweyi."

Apadiri ali ndi kompyuta ku ofesi kwawo. Aweramira, ayang'anitsitsa, akweza maso pamwamba pa magalasi, andipeza pomwe ndabisala kumbuyo kwa kwaya. Ayang'ana ababa. Ababa aimirira chilili, jekete yawo ya ukwati, mutu m'mwamba monga ananenera. Apadiri atsokomola kamodzi. Aviika kanthambi m'madzi odalitsa, awaza pa placa-mãe yanga, kolowera magetsi kwenikweniko.

Awerenga dzina. Marita.

Pamenepo ndiye zandithera. Sindinamvepo dzina lawo likutchulidwa pa malo ano. Tsiku lomwe ankalitchula ine ndinali tsidya lina la mtsinje ndi chikwama m'manja. Ndalira ngati mwana, kukamwa yasa, pamaso pa Meluluca yense ndi Likoma yemwe. Azakhali andigwira mutu: "Lira, wagwira ntchito." Ndalira kwambiri.

Thobwa. Nyama. Aliyense akufuna kundigwira chanza. Mkulu wina wa ku Meluluca akufunsa ngati ndingamuitanitsire ya bambo ake, kaya imatchedwa pulaka ya bambo.

Kompyuta ili pa tebulo, mimba pululu. Yakale ndikhoza kubwezeramo. Osati lero.

Alendo atachepa, ababa andipeza kuseri kwa nyumba ndikutsuka makapu. Aima pafupi, akuyang'ana kwina.

"Mayi ako za makina sankazidziwa, sakwiya. Anthuwanso sakudziwa. Koma mvula imadziwa. Ikagwa, chija chichita dzimbiri, aliyense aona." Avula jekete, aipinda pa mkono. "Isanagwe, pakhale mwala."

Ndati inde, ababa.

Apita kukagona.

Mwala. Ntchito ndilibe, wosema safulumira, thandala likundidikira mawa. Ndayang'ana kumwamba. Mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Moyo wanga wonse ndakhala ndikukalipira chilichonse kuti chifulumire: shapa, boma, foni, kompyuta, mudzi uno.

Mvula iwe, chonde, chita ngati boma.