A Chule ndi Wilibala Yawo

A Chule, Mulungu awasunge komwe ali, anali ndi khalidwe limodzi lomwe linativula ulemu tonse a padoko: chilichonse chimene avuula pansi pa nyanja ankachibweza kwa mwini wake. Dzinali analitengera ku nsapato zawo zosambirira, zomwe ankayenda nazo ngakhale pamtunda, phwa phwa phwa, silinda ya mpweya ili kumsana. Panalibe wowalipira. Loweruka lililonse ankamira ndi anzawo atatu kukachotsa zinyalala ndi maukonde otayidwa omwe amakola akamba. Akavuuka, anzawowo ankapita kwawo. A Chule ankatenga wilibala.

Mmene ankadziwira mwini chinthu, mpaka lero sitimvetsa. Wagolosale analandira mabotolo ake thumba lathunthu makasitomala akuona. Ahedi, omwe ankaphunzitsa ana kusamala chilengedwe, anawatulira mpando wawo wothyoka pamaso pa ana omwewo, nkhanu ikadakakamira kumwendo kwa mpandowo. Ife ena tikangomva gudumu la wilibala likulira mumsewu, aliyense ankayamba kukumbukira machimo ake.

Koma amene anaziona zenizeni ndi Sipanala, wokonza njinga, munthu wodzitama kuti palibe chitsulo chomukanika. Tsiku lina makina osokera a mkazi wake, omwe anamusiyira malemu mayi ake, anayamba kudula ulusi. Mkazi ali kutchalitchi, Sipanala anawamasula. Pomanganso, tizitsulo tinatsala todzaza dzanja, makina osatembenuka n'komwe. Mwamuna wa nzeru zake anakawaponya kumapeto kwa doko, n'kunena kuti kunabwera akuba. Mkazi analira sabata yathunthu.

Patatha miyezi iwiri, wilibala inaima pa shedi yake, pamwamba atavindikira chiguduli.

"Achimwene," anatero a Chule, "akuba anu aja ndi osasamala. Kasipanala kanu anakaiwala m'kati mwa makina."

Sipanala anachonderera, thukuta kamukamu. A Chule anati makinawo akhala kwawo, bola iye azibwera kunyanja Loweruka lililonse. Iye anati sadziwa kusambira. Iwo anati chingwe chokokera zinyalala sichifunsa zimenezo.

Ndi mmene munthu wamkulu anayambira kusanza m'boti Loweruka ndi Loweruka, akukoka matayala a njinga omwe ambiri mwa iwo ankawazindikira kuti anataya yekha. Ataphunzira kumira, mimba inkamubwezera pamwamba ngati chigubu, mpaka ankamumangirira zitsulo za anthu awiri. Akayesa kunamizira malungo, wilibala inkadutsa pakhomo, a Chule n'kupereka moni kwa mkazi wake: "Alamu, kusoka munasiyiratu?" Malungo ankathera pomwepo.

Zaka zisanu ndi zinayi, anzanga.

A Chule anatisiya chaka chatha, osati m'madzi, koma pabedi, ngati munthu wamba. Maliro atatha, mayi a kunyumba kwawo anakankha wilibala ija mpaka kwa Sipanala, poti malemu analamula kuti pasatsale kanthu kopanda mwini. Sipanala anafuna kuthawa, koma panalibe mpata. Mkazi wake anavundukula chiguduli, n'kuyang'ana makina aja, dzimbiri lokhalokha, tinkhono titamera pagudumu.

"Achedwa kufika," anatero. "A Chule anandionetsa tsiku lomwe anawavuula, asanabwere kwa inu."

"Ndiye zaka zonsezi, amayi mwana?" anafunsa Sipanala.

"Ndine ndinawapempha kuti azikusungirani Loweruka. Kumowa munkabwerako opanda nsapato. Kunyanja mumabwerako ndi njala basi." Anapukuta gudumu lija ndi m'mphepete mwa nsalu yake. "Chomwe sanandivuulire ndi pepani wanu."

Sipanala anagwada pomwepo, bondo likulira kuposa wilibala, ndipo ananena pepani uja. Omwe tinali kuseri kwa mpanda, tonse tinangopezeka tikuyang'ana pansi.

Masiku ano padoko pali zii. Zinyalala zikavuulidwa zimangounjikidwa pamchenga, zopanda mwini, ndipo tonse timadutsa ngati anthu oyera mtima. Sizikoma. Munthu amafuna wina womudziwa mpaka ku zimene anataya.

Sipanala amamirabe Loweruka, popanda womuopseza. Wilibala inatsalira iye. Pa shedi yake pali mafuta okwanira njinga za mumsewu wonse, koma gudumu la wilibala lija sanalidonthezerepo ngakhale kamodzi.