Thabwa la Pabenchi ndi Apongozi

Lolemba
Chichotsedwere ntchito kufakitale, mawailesi a anthu ndikukonzera pansi ngati wosenda mbatata. Basi, zatha! Miyendo ya benchi ilipo, kwatsala pamwamba. Ndikufuna polimba, poti ngakhale amayi achipani atavinapo pasagwedere. Zofunika: matabwa a mlombwa, misomali, sowo yobwereka, mtendere.

Lachiwiri
Matabwa afika, pamutu panga, kukwera chitunda chonse cha Chilomoni. Khosi langa ine! Afikanso apongozi kuchokera ku Nsanje, abwera kudzapita kuchipatala, chifuwa chawavuta. Agona pamphasa pakhonde, pomwe padzakhale benchi. Tepi ndilibe. Ndikuyeza khondelo ndi chingwe, mowerama, mwaulemu, osawayang'ana kumaso. Iwo diso limodzi lili pa ine.

Lachitatu
Ndikupala matabwa uku ndikuimba yakwaya. Ndazindikira mochedwa kuti ndi ija timaimba popita kumanda. Apongozi akana phala.

Lachinayi
Amayi a mphakati wa kutchalitchi kwathu atulukira, nkhope zakugwa. Wina akuti, "Pepani bambo, koma mukanayamba mwadikira." Kudikira chiyani? Mkazi wanga, mayi a Tereza, andikokera kuseri: apongozi akuuza aliyense kuti ndawayeza ali moyo, tsopano ndikukhoma bokosi lawo. Ine?!

Lachisanu
Mkamwini sakhala pansi ndi apongozi n'kumakambirana za benchi. Ndikufotokozera mayi a Tereza, iwo akukafotokozera mayi awo, yankho likubwera njira yomweyo: "Wailesi yanji yotalika ngati ine?" Amanga katundu. Akuti akafere kwawo, mankhwala asanamalize n'komwe. Pamenepa ndiye ndaopa, sindinama.

Loweruka
Chigamulo cha mayi a Tereza: matabwa adulidwe apongozi akuona. Ndadula, mtima ukuwawa. Mlombwa wanga! Zotulukapo: timipando tiwiri, shelefu ya mapoto, nkhuni.

Lamulungu
Apongozi amasula katundu, amwa mankhwala, phala awonjezera. Tsiku lonse ali pakampando, kukagogoda ndi chala, kukagwedeza, kosagwedera. Ine ndili pansi, wailesi pamiyendo. Madzulo ano uthenga wabwera kudzera mwa mwana wawo: akuti ntchito ndimaitha, ndiye tsiku lenilenilo likadzafika abale asadzavutike n'kugula bokosi, ndidzakhome ndine. Ndavomera. Ndikanatani?