Apongozi pa Mpando wa Kumbuyo

Anthu akamafotokoza nkhani imeneyi amathirako mchere wambiri, mpaka ena amati galimoto inayaka moto. Sinayake. Ine ndinena zimene zinachitika zokha, pakuti nazonso n'zokwanira kundichititsa manyazi.

Nkhondo itatha, ndinkaphunzitsa ku Lifuwu, ndikukhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Nabanda. Apongozi aakazi anayenera kukakwera sitima ku Salima kupita ku Limbe, kumene mwana wawo wotsiriza anali woyembekezera, masiku atakwana. Sitima sinkayenda tsiku ndi tsiku. Ukaiphonya, ndiye kuti mdzukulu ukamupeza atabadwa kale. Pofuna kuoneka mkamwini wodalirika, ndinabwereka galimoto imene amalume anabwera nayo ku Halale. Inali yokalamba, yakuda, yaitali miyendo ngati kakowa, koma sinasiyepo munthu panjira. Amalume anandichenjeza chinthu chimodzi: imadana ndi chinyontho, ndizifunditsa injini yake chiguduli. Koma ine si ndinali nditawerenga buku lake lonse? Ndinaisiya pansi pa mango osafunda kanthu.

Mvula inachezera. M'mawa apongozi anakhala pa mpando wa kumbuyo ndi dengu lawo la mpunga ndi nsomba zouma. Mwambo mukuudziwa: mkamwini sayang'anana ndi apongozi, ndipo mawu amadzera mwa mkazi. Ndiye ine, mwaulemu, ndinatembenuza kagalasi koonera kumbuyo kuti maso athu asakumane.

Ndinayesa kuliza, injini inangotsokomola. Ndinakakamira mpaka batire inafooka. Ndinatsegula kutsogolo, n'kuzula mawaya onse a mapulagi nthawi imodzi, kuwapukuta ndi malaya anga oyera, pobwezera ndaiwala kuti waya uyu kwawo n'kuti. Nditapukusa ndi chitsulo cholizira injini kutsogolo, galimoto inaphulika ngati mfuti, nkhuku za m'mudzi zonse balala, chitsulocho n'kubwerera kudzandimenya pachigongono.

"Aphunzitsi," anatero Nabanda ali pakhonde, "buku lija likuti bwanji tsopano?"

Buku linkanena zoona, wopupuluma ndinali ine. Ndinapempha makala m'phale, ndinatenthetsa nsalu, n'kupukuta m'kati mwa kachipewa kamene mawaya amakumanamo. Munali timadontho ta madzi ngati thukuta. Mawaya ndinawabwezera poyang'ana kutalika kwake. Chotsala chinali kukankha, ndipo amayi amene ankapita kumunda wa mpunga anatula makasu n'kugwira kumbuyo.

Poyamba matayala anakanirira m'matope. Kenako ndinamva chitseko chikutsekedwa, ndinangoti wina akuchikhwimitsa, galimoto n'kuyamba kusuntha mopepuka. Inagwedezeka, inalira, ndipo kulira kwake, abale, kunali kokoma. Ndinaopa kuima kuti ingazimenso. Kumbuyo anthu ankafuula, ine ndikukweza dzanja kuthokoza.

Mmene inayendera m'matope a msewu umenewo sindidzaiwala. Malole atsopano tinawapitirira atatitimira, iyo ikungodula madzi mosadandaula. Ku mpando wa kumbuyo kunali zii, ine mumtima ndikuyamikira kuti awa ndiwo apongozi odziwa mwambo, ngakhale kutsokomola komwe ayi.

Pa siteshoni ndinatsegula chitseko ndikuyang'ana kumbali, n'kudikira. Ndinadikira ndithu. Wogulitsa nthochi wina anasuzumira n'kundifunsa kuti, "Bambo, dengu limeneli limatsika lokha?"

Zimene zinachitika n'zakuti apongozi aja ataona kuti okankha akulemedwa, anatsika mwakachetechete n'kukankha nawo. Akanandiuza bwanji, poti mwambo sulola? Nanga ine ndikanawaona bwanji?

Nditabwerera, ndinawapeza panjira akubwera wapansi, nsapato m'manja, nsalu ili matope mpaka pachifuwa, akuyenda ngati munthu amene analinga kale zoyenda choncho. Anakwera, tinathamangira ku siteshoni. Mwayi wake mvula yomweyo inachedwetsanso sitima, ndipo mdzukulu anabadwira m'manja mwawo.

Atabwerako sanandidzudzule, ngakhale kudandaula kwa ankhoswe. Anangotuma Nabanda kuti andiuze kuti galimoto ya amalume ndi yabwino kwambiri, iwo anaiona bwino kumbuyo kwake pamene inkapita.

Kuyambira pamenepo injini ndimaifunditsa, ndipo ulemu ndimausunga monga kale. Koma kagalasi kaja, ngakhale kumbuyo kutakhala apongozi a m'dziko lonse, sindidzakatembenuzanso.