Mawu Atatu Amene Ndinapatsa Wodwala

Ine ndinaphunzitsidwa ndi masisitere ku mishoni kwathu ku Nsanje, ndipo chachikulu chimene anandisiya nacho n'chakuti munthu wosunga dongosolo sachita manyazi. Ndagwira ntchito ya unamwino zaka makumi atatu ndi chikhulupiriro chimenechi, yunifolomu yosita bwino, nsapato zoyera, wotchi pachifuwa, ndipo atsikana ambiri amene anaphunzira ntchito m'manja mwanga amandikumbukira ngati mayi uja wobweza anthu pakhomo la wodi chifukwa cha zikhadabo zazitali. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti amene anagwa chagada tsiku limene ndikusimbali sanali kamtsikana kongoyamba kumene.

Zaka zopumira pantchito zitayandikira, ndinabwerera kusukulu kukawonjezera maphunziro, kuti ndikapume ndili pa giredi yooneka. Maphunziro onse ndinakhoza kupatula limodzi, la matenda a m'maganizo. Limenelo ndinali nditalephera kale kamodzi, ndipo anandiuza mosapita m'mbali kuti ndikalepheranso, basi, ndibwerere pa giredi yanga yakale mpaka tsiku lopuma. Kuwerenga ndinkawerenga. Chondigwetsa chinali mantha. Ndatsukapo mabala owola, ndasambitsapo maliro osanjenjemera, koma munthu wodwala m'maganizo ndinkamuopa kuyambira ndili mwana, pamene bambo wina anandithamangitsa ndi mpini pamsika wa kwathu. Nanga namwino wa imvi ngati ine akanaulula zimenezi kwa ndani?

Ndiye ndinakonza dongosolo. Tsiku lililonse ndikaweruka, ndinkakhazika bambo a kunyumba pakhonde pathu ku Chilomoni kuti akhale wodwala wanga, ine n'kumawafunsa mafunso a m'buku mwandondomeko yake.

"Kodi mumamva mawu amene anthu ena sawamva?"

"Ndimamva anu, mayi a Tereza," iwo anatero, "koma amenewo ndikhulupirira kuti amamveka mpaka kumsika."

Ndinawauza kuti mayeso si masewera, ndipo tinapitiriza. Patatha milungu itatu mafunso onse anali m'mutu ngati katekisimu.

Chimene chinandiwononga ndi tsamba limodzi la buku lonena za chitetezo cha namwino. Linati namwino akhale mbali ya chitseko, ndipo achotse zinthu zimene wodwala wokwiya angathe kumuvulaza nazo, monga sizasi ndi chingwe cha m'khosi. Buku linalekera pomwepo, koma ine ayi. M'mawa wa mayeso, nditaima pakhonde la kiliniki, ndinayamba kudzisecha ndekha. Sizasi ndinaika m'chikwama. Korona wa m'khosi, m'chikwama. Wotchi ili ndi pini, m'chikwama. Cholembera ndinachiyang'ana nsonga yake, n'kuganiza za diso langa, nacho m'chikwama. Pomaliza ndinaganiza kuti munthu akandimenya mbama magalasi angandithyokere kumaso, ndiye ndinawavulanso. Chikwama ndinachisiya kwa mlonda, ine n'kumadziyamikira kuti palibe wophunzira wina amene wakonzekera ngati ine.

Wotiyesa anali mayi wachichepere amene ine ndinamubwezapo pakhomo la wodi zaka zapitazo chifukwa cha kachipewa kopendama. Anandilonjera ndi ulemu wake wonse.

"Amayi, lowani mukhale, wodwala wanu ali kale m'katimo. Ine ndikutenga fomu, ndikupezani."

Dzina la wodwalayo sinditchula, malamulo a ntchito salola. Anali bambo wachikulire, wa jekete lakuda ndi shati yosita kuposa yunifolomu yanga, ndipo anali atabwera kudzaonedwa monga amachitira mwezi ndi mwezi. Anaimirira kundilonjera. Ine nditaona kuti waimirira, ndinakoka mpando wanga chambuyo, n'kukokanso, mpaka msana wa mpandowo unagunda chitseko. Buku linati mbali ya chitseko, ine ndinachitseka ndi thupi langa lomwe. Posakhalitsa wina anakankha kunja, chitseko n'kundigunda m'nkhongo.

"Amayi, ndilowe?"

"Sunthani pang'ono a nesi," anatero bambowo mofatsa, "madamu alowe."

Ndinasuntha pang'ono kwambiri, moti madamuwo analowa cham'mbali ngati munthu wotsika minibasi yodzaza. Anandipatsa pepala la mafunso. Ndinaliyang'ana, ndinangoona nyerere zikuyenda mizeremizere. Kodi ndikanati chiyani? Kuti dikirani ndikatenge maso anga kwa mlonda? Ndinaligwira pepalalo molimba ngati ndikuliwerenga, n'kuyamba kufunsa za m'mutu.

Ndinawafunsa bambowo kuti lero ndi tsiku lanji. Anayankha kuti Lachiwiri, natchula tsiku la mwezi ndi chaka chomwe. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ineyo tsikulo sindikulidziwa bwinobwino. Ndinagwira pachifuwa, wotchi palibe. Ndinayang'ana kalendala ya pakhoma, ndinangoona chinthu chobiriwira chonga munda wa tiyi. Ndinagwedeza mutu mwaukatswiri, n'kupitirira.

Pali funso lina limene namwino amapatsa wodwala mawu atatu kuti awasunge, kenaka pakapita mphindi zingapo amamufunsa ngati akuwakumbukira. Kunyumba ndinali nditakonza mawu atatu abwino, amene bambo a kunyumba anali atatopa nawo. Pamene ndinkatsegula pakamwa kuti ndiwatchule, bambo wa jeketeyo anasuntha mwendo, mpando wake n'kulira, ndipo mawu anga onse anauluka. Pakamwa panangotuluka mawu ena atatu amene anabwera okha. Bambowo anawabwereza pang'onopang'ono, akundiyang'ana mwachidwi, ndipo ndinamva cholembera cha madamu chikuyenda pa fomu.

Kenaka ndinawauza kuti ayambire pa 100, azichotsera 7 mpaka nditawaimitsa. Sanapume n'komwe.

"93, 86, 79, 72, 65."

Ine ndinali ndidakali pa 86, ndikuwerenga zala pansi pa tebulo, ine yemwe masisitere ankandiimika kutsogolo kuti ndiphunzitse anzanga masamu.

"Musavutike a nesi," iwo anatero, "65 ndi zoona. Ndinali mphunzitsi wa masamu."

Atatero analowetsa dzanja m'thumba la m'kati mwa jekete. Abale anga, sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji. Ndinangopezeka ndaima, dzanja limodzi pa chotsegulira chitseko, lina pakhosi pamene panayenera kukhala korona, ndikuona kale mpeni, ndikuona bambo a kunyumba akulandira anthu pasiwa. Dzanja lija linatuluka ndi cholembera cha buluu.

"Ndaona kuti mulibe cholembera. Bwerekani ichi, ndili nazo ziwiri."

Ndinakhala pansi, n'kulandira cholemberacho ndi manja awiri. Madamu anatsokomola, nati, "Amayi, mphindi zakwana. Afunseni mawu aja."

Ndinawafunsa, ndipo ndikufunsa chomwecho ndinazindikira kuti ndadzitchera ndekha msampha. Mawuwo ine sindinawalembe, ndipo m'mutu mwanga munalibe ngakhale limodzi. Ndinafufuza, ndinapemphera, ndinangopeza 86.

"Chitseko," anatero bambowo. "Mlonda." Anaima pang'ono, akundiyang'ana. "Nthochi."

"Akhoza?" anafunsa madamu.

Munthu wophunzitsidwa ndi masisitere akanayenera kunena kuti sindikukumbukira. Ine ndinawongola khosi, n'kunena ndi mawu anga aja obwezera anthu pakhomo: "Akhoza onse atatu."

"Ayi a nesi," bambowo anatero, "ndakuyesani dala. Nthochi simunatchule. Munati chitseko, mlonda, ndi minibasi. Ndinadziwa pomwepo kuti mtima wanu uli kale pa siteji."

Madamu anabisa nkhope kuseri kwa fomu, mapewa akugwedezeka. Bambowo sanaseke. Anawerama pang'ono n'kundiuza kuti iwo anadwala mkazi wawo atamwalira, anasiya kudya ndi kulankhula kwa miyezi, koma tsopano mankhwala akuwathandiza, ndipo chiyambire sanamenyepo munthu, ngakhale ana a fomu 2 amene anali oyenera kumenyedwa. Anaonjeza kuti mantha ngati angawa amachizika, ndipo akudziwa kiliniki yabwino, ndi yomwe ino.

Ndinatuluka ndikudziwa kuti zatha, giredi yapita. Ndinatenga chikwama kwa mlonda, n'kuvala magalasi, ndipo ndinakhala pabenchi osafuna kupita ku Chilomoni kukayang'anizana ndi bambo a kunyumba. Patapita kanthawi madamu anatuluka ndi fomu yanga. Anati malamulo amalola wophunzira kubwereza gawoli kamodzi ngati woyesa waona chifukwa chomveka, ndipo anandionetsa zimene analemba pansi pake: "Wodwala ali bwinobwino. Namwino abwerenso Lachisanu."

Lachisanu ndinabwerera ndi magalasi kumaso, zolembera ziwiri m'thumba, mpando pamalo pake, ndipo ndinakhoza, ngakhale malikisi ake si oonetsa alendo. Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti sindidzapatsanso munthu mawu atatu ndisanawalembe pachikhatho, angakhale mdzukulu amene ndikumutuma mchere, sopo ndi machesi.