Chifuwa Chimene Chinandiletsa Kukhala Pansi

Mpaka lero mkamwini wanga akatchula chifuwa, ine ndimayang'ana kudenga.

Nthawi ya Korona ija ndinatuluka chithupsa pamalo pokhalira, chachikulu ngati dzira la bakha. Poswali ndinkalephera kukhala, za kabaza ndiye osanena. Komanso kuno ku Nkope chipatala tinkachiopa, ati ukapita ndi chala chotupa ubwerako ndi Korona.

Mwana wanga Asiyatu anati, "Amayi, masiku ano adokotala amaona odwala pa foni."

Tsoka lake, foni yoonetsa nkhope inali ya mwamuna wake, a Jafali, ndipo anandigwirira ndi iwowo. (Munthu woti sindidyera naye mbale imodzi, amve za kumbuyo kwanga?)

Mufonimo munaoneka mtsikana wovala zoyera. "Anganga, chikuvuta n'chiyani?"

Ndinayang'ana a Jafali, ndinayang'ana foni. "Chifuwa," ndinatero, n'kutsokomolako pang'ono kuti zimveke zoona.

Mayo ine! Dokotala anati ndiyambe ndakhala pandekha. Ananditsekera kuchipinda, chakudya amachita kundikankhira ndi nkhafi yopalasira bwato. Kenako Asiyatu anabwera ndi mphika wa bulugamu ndi bulangeti. "Khalani pampandopo ndikufukizeni." Ndinakhala, abale, pa chithupsa penipeni! Kukuwa kwanga iwo amati matenda akutuluka.

M'mawa mwake dokotala uja anaimba yekha, a Jafali n'kundigwiriranso foni. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Anganga, dzulo munali chiimire, leronso chiimire. Bambo, tsamiritsani foniyo pazenera, mukaone ngati usipa wauma."

A Jafali atachoka, dokotala anatsitsa mawu. "Tatsala akazi okhaokha. Chifuwachi chili mbali iti, kumanja kapena kumanzere?"

Ndinaulula zonse. Sanaseke ngakhale pang'ono mwana wa eni ake, analeredwa bwino ameneyo. Anati ndizithowa ndi kansalu ka madzi otentha, anatuma azaumoyo kundibweretsera mankhwala, n'kunenetsa kuti chikakana kuphulika ndipite ndithu kuchipatala. Chinaphulika. Kwa apabanja anangoti, "Si Korona, atsegulireni." Basi, osaonjezera.

Amayi anzanga akumadrasa amene ankati dokotala wosakugwira pamimba ndi wabodza ndinawauza kuti uyu anandiona kumbuyo ali kutsogolo. Pano amachita kulimbirana foni ya a Jafali.

Ine ndinkati chinsinsi changa chinasungika. Koma ndikati ndikhale pakhonde, a Jafali amathamanga ndi mtsamiro, maso ali pansi mwaulemu.

"Khalirani apa amayi, chifuwa chija chingayambirenso."