Chilatini cha Pakhonde la a Muhiwa

Lolemba
Ndayamba Chilatini! Mabotolo a mankhwala kuchipatala kumene ndimagwira ntchito alembedwa m'chinenero chimenechi, ndipo ndatopa kufunsa adokotala. Aphunzitsi anga ndi a Muhiwa, atelala a ku Limbuli, amene anapita kuseminale koma osafika pa unsembe. Lero: aqua, madzi. Terra, nthaka. Dea, mulungu wamkazi. Mawu akutuluka m'kamwa mwawo ngati nyimbo!

Lachiwiri
"Chilatini chouma chimatsamwitsa," akutero a Muhiwa. Ndiye nthano. Dea wa mbewu ali ndi mwana wamkazi, puella. Mwanayo akuthyola maluwa, nthaka ng'aa! Mfumu ya akufa yamukokera pansi. Makina osokera aima. Mayi amene anadzatenga diresi wakhala pansi. Ine tsitsi nyau nyau. Munthu uyu ndi wodziwa, abale.

Lachitatu
Pakhonde padzaza: othyola tiyi, wogulitsa nanazi, mkazi wanga. Dea wakwiya, mvula yaleka, chimanga chauma. Amayi akupukusa mitu, akukumbuka njala ija. Ndikufunsa za mawu a pa botolo la chifuwa. Onse akundikalipira: "Khalani chete, achimwene, mwana sanapezeke!"

Lachinayi
Mkazi wanga wafotokozera mayi ake. Apongozi abwera okha, ayala mphasa kutsogolo kwenikweni! Mkamwini angakhale bwanji maso ndi maso ndi apongozi? Ndazembera kuseri kwa nkhokwe. Ndikumva nkhuku zokha.

Lachisanu
Kunkhokwe kachiwiri. Zimene ndatola: kuseka, "ayi ayi ayi", ndi mawu a apongozi: "Mwamuna wanji wotengera mkazi kwawo? Akanabwera kudzalima kwa apongozi ake!" A Muhiwa akuwayankha m'Chilomwe, kenako m'Chilatini, osapunthwa. Ndikuwomba m'manja ndekha. Linthumbu landiluma.

Loweruka
Adokotala andipatsa botolo. "Paja ukuphunzira, werenga." Ndayang'ana, ndatembenuza, palibe dea, palibe puella. Ndanena kuti aqua. Anunkhiza, aseka mpaka kuvula magalasi. Ndi mafuta a nsatsi.

Lamulungu
Sindinawerenge kanthu. Mathero ndawamva kwa mkazi wanga pochokera kutchalitchi: mtsikana amakhala miyezi ina kwa mwamuna, ina kwa mayi ake, ndipo akabwerera kwawo mbewu zimamera. Apongozi akuti mlanduwo unaweruzidwa moperewera, koma atumiza nkhuku kwa a Muhiwa. Akutinso malo awo apakhonde asakhalepo wina. Chabwino. Ndasesa kuseri kwa nkhokwe, ndaikapo mpando.