Wailesi ya Atate Inathawitsa Tambala

A Bonifasiyo a ku Chidzolomondo, munthu amene ndinali ndisanamuonepo, anandipempha zinthu ziwiri: phini, ndi kuti ndiwaulutsire tambala. Amene akukayika atuluke pompano, foni yake ndidzamutchajira mawa. Inu a Jowaki, ndakuonani mukukodola mnzanu. Ine mumandidziwa, ngakhale kutchalitchi ndimakhala benchi yakumbuyo. Wamanyazi ngati ine bodza angalitenge kuti?

Phiniyo inali ya buluku lawo, limene linang'ambika potsika chapa, minibasi zathu zija. Ndinachotsa yanga pansalu. Anailandira ndi manja awiri ngati ndawapatsa ng'ombe, kenaka anafotokoza vuto lawo. Anali nkhoswe ya mwana wamwamuna wa mlongo wawo, ndipo chinkhoswe chinali tsiku lomwelo kutsidya kwa mtsinje wathu uno wa ku Ntengo-Wambalame. Mvula ya kumapiri inali itakokolola mlatho. Akuchikazi anali atagwiritsidwapo kale fuwa lamoto, choncho malume a mtsikana analumbira pafoni kuti dzuwa likafika paliwombo tambala wa kuchimuna asanaponde pabwalo pawo, ukwati watha.

"Ndamva kuti muli ndi kandege, mayi," anatero, tambala ali kukhwapa.

Ndinali nako, koma kanali kogontha. Thupi ndinali nditamanga kale: nsungwi ziwiri zopingasa, mamota anayi ochokera m'makina akufa ometera tsitsi amene ndinawakulunganso waya ndekha, mapiko osema kuchokera ku paipi, awiri ozungulira kumanja, awiri kumanzere monga anatiphunzitsira purufesora wa fizika ku eskola, mabatire a laputopu, ndi kanthu kaja ka m'foni kamene kamadziwa kuti mwaipendeketsa, zonsezi zowotcherera ndi msomali wofiira wa pambaula, moti zala zanga mpaka lero sizimva kutentha kwa tiyi. Mukumva? Chowongolera chinalinso tayale, chongodikira ntchito: chitini cha mabisiketi chokhala ndi timitengo tiwiri ta masipoko a njinga ndi kamaikolofoni koyesera mawu. Chimene chinasowa ndi khutu, cholandirira malamulo anga m'mwamba.

M'nyumba mwathu munali khutu limodzi lokha: wailesi ya atate, imene anathawa nayo nkhondo kupita ku Malawi ali mnyamata, nabwera nayo pamutu. Sindikanayerekeza kuipempha. Koma atate anali atamva zonse ali pakhonde. Analowa, anaipukuta fumbi ndi chipewa chawo, naiika patebulo panga.

Ndinaitsegula, ndinachotsa matumbo ake, ndinakulunga waya wamkuwa pa cholembera, ndinalumikiza zonsezi kukandege, ndinamangirira tambala pansi pake ndi luzi, ndipo pamene timafika kumtsinje msika wonse unali pambuyo pathu, mthunzi wanga utayamba kale kufupika.

Ndinakankha kamtengo. Epa! Kandege kanadzuka ndi mphepo imene inaumitsa zovala za amayi onse ochapa, inapeta nyemba za m'mudzi wonse, inavula abusa chipewa chimene anthu anakachitola ku Furancungo patapita masiku chili chozungulirabe, ndipo kanakwera, kanakwera, tambala akuyang'ana pansi ngati bwana ali m'galimoto ya boma, mpaka pakati pa mtsinje. Pamenepo kanaima. Kenaka kanatembenukira kum'mawa, ulendo wa ku furonteira, kumalire ndi Malawi.

Ndinakokera kumanzere, zii. Kumanja, zii. Kuchokera kumwamba tinamva kamawu kakang'ono kakulengeza mauthenga a maliro a ku Ntcheu ndi mitengo ya feteleza m'makwacha. Apo m'pamene ndinazindikira kulakwa kwanga. Singano ya wailesi ija inali isanasunthidwepo pa siteshoni ya ku Malawi chibwerereni atate, inachita kumerera pomwepo, ndipo ine m'changu sindinaichotse.

A Bonifasiyo anakhala pansi m'matope. "Alibe ngakhale bilyeti yodutsira malire tambala ameneyo," ananong'ona. "Akamugwira, ndikanena chiyani kwa mlongo wanga?"

Mthunzi unali utafika m'mapazi. Anthu anasiya kuseka, ndipo chete ameneyo anandiopsa kuposa chiseko.

Atate anawerama pakhutu panga. "Siikulakwa, mwanawe. Ikuthawa nkhondo. Tsiku limene analengeza mtendere mabatire anali atatha, ife tinamvera kwa anansi. Iyoyo palibe anaiuzapo."

"Ndiye titani, atate?"

"Uiuze."

Ine? Pamaso pa anthu onse aja? Ine amene purufesora ankandilemba kuti sindinabwere chifukwa poitana maina samandimva? Ndinayandikitsa chitini pakamwa, ndinanong'ona. Kandege kanangopitirira, katasanduka kadontho pamwamba pa minda ya mbatatesi. Mayi wina wogulitsa tomato, amene sindidziwa n'dzina lomwe, anandilanda antena ya chitini chija, naikweza m'mwamba ndi mkono wake wautali, dzanja linalo atandigwira paphewa. Ndinatsinzina.

"Nkhondo inatha kalekale! Bwererani kumudzi! Anthu akukwatirana kuno!"

Ndikulumbira, mawu amenewo anagwetsa mapichesi osapsa m'mitengo ya Tsangano yense, anatembenuza madzi a mtsinje kuyamba kukwera phiri, ng'ombe za ku Makanga zinadzuka zonse nthawi imodzi, ndipo asilikali a pafuronteira mbali zonse ziwiri anaimirira njoo, akuganiza kuti wayankhula ndi mkulu wawo. Mukumva, a Jowaki? Kadontho kaja kanaima pamwamba penipeni pa malire, kanagwedezeka ngati munthu amene sakukhulupirira, kenaka pang'onopang'ono kanatembenuka. Wailesi inasiya kuyankhula. Nditacheuka ndinaona azimayi achikulire akupukuta m'maso, ndipo atate anali atavula chipewa.

Koma mabatire anali akutha. Mapiko anayamba kuzungulira mwaulesi moti tinkatha kuwawerenga, kandege kanatsika mpaka zikhadabo za tambala zinakhudza madzi, ine ndikukankha timitengo mpaka sipoko imodzi inapindika, ndipo tambalayo, poona kuti aliyense wachita mbali yake, anatambasula mapiko akeake, nanyamula kandege konse pamsana, nakatera pabwalo la akuchikazi, patsogolo pa malume aukali aja, mthunzi wawo uli pansi pa nsapato. Analira kokoliriko kamodzi. Nthungululu tinazimvera kuno.

Ndikudziwa zimene mumanena ine kulibe. Mumati kandege kanangodumpha kutalika kwa nkhokwe n'kugwera m'munda wa nyemba, madzi anaphwera okha, ndipo a Bonifasiyo anawoloka atapinda buluku, tambala ali kukhwapa. Nenani. Koma kufuula kokha ndinafuula, ndipo zimenezo palibe angatsutse. Wailesi ija atate anaibwezeretsa m'bokosi lake, masiku ano imagwira masiteshoni akonkuno.

Umboni mukuufuna? Ndi uwu uli pansalu pangapa.

M'mawa mwake, muno mutadzaza anthu otchajitsa mafoni, a Bonifasiyo analowa, nsapato zili ndi matope a kutsidya. Anaona kuti ndikuwotcherera, sanafune kundidzidzimutsa. Anaika phini ija pambali pa dzanja langa, ataitseka bwinobwino kuti isandibaye, natuluka kukadikira chapa.